3 peresenti imene mmisiri wa magetsi saiona m'manja mwake

Mwezi uliwonse, tsiku la 15 lisanakwane, pa tebulo langa pamakhala ntchito imodzi imene sindilola kuti igone. Ndimasunga mabuku a malipiro pa kampani yaing'ono ya zamagetsi kuno ku America, imene inasainirana pangano ndi bungwe la amisiri a magetsi la International Brotherhood of Electrical Workers, lodziwika mwachidule kuti IBEW. Ntchito imene ndikunenayi ndi yodzaza fomu yokhala ndi dzina la mmisiri aliyense, nambala yake, maola amene wagwira mwezi wathawo, ndiponso ndalama zonse zimene walipidwa asanadulidwe msonkho. Fomuyo imapita limodzi ndi cheke, ndipo ndalama za pa chekecho mmisiri sazigwira m'manja, sazigulira chakudya, sazilipirira nyumba, mpaka patadutsa zaka 20 kapena 30, pamene mawondo ake adzakhale atakana kukwera makwerero.

Pangano limene mabwana anga anasaina lili ndi ndime imene imapezeka m'mapangano ambiri a pakati pa IBEW ndi bungwe la makontirakitala a zamagetsi la National Electrical Contractors Association, kapena kuti NECA. Ndimeyo imalamula wolemba ntchito kutumiza mwezi ndi mwezi, ku thumba la penshoni la National Electrical Benefit Fund, ndalama zofanana ndi 3 peresenti ya malipiro onse a amisiri amene panganolo likuwakhudza, ndipo ndalamazo pamodzi ndi fomu ziyenera kufika pasanathe masiku 15 chitathere mwezi. Tiyerekeze kuti mmisiri amalandira madola 40 pa ola ndipo wagwira maola 160 m'mwezi umenewo. Malipiro ake akwana madola 6,400, ndipo kampani iyenera kutumiza madola 192 ku thumbalo, kuchokera m'thumba la kampaniyo, popanda kudula ngakhale senti imodzi pa malipiro a mmisiriyo. Pamwamba pa zimenezi, mapangano ambiri a m'madera amakhala ndi thumba linanso la penshoni la m'dera lomwelo, limene wolemba ntchito amaikamo ndalama zowerengeredwa pa ola lililonse logwiridwa, ndipo ena amawonjezera thumba la mtundu wina limene ndalama zake zimalowa mu akaunti ya munthu payekha, monga National Electrical Annuity Plan. Palinso penshoni ina ya IBEW imene imachokera pa ndalama zaumembala zimene amisiri ena amasonkha okha, koma imeneyo siidutsa pa tebulo langa.

Nditangoyamba ntchitoyi ndinkaziona ndalama zimenezi ngati kukoma mtima kwa bwana. Mawu amene amamveka m'maofesi athu amalimbikitsa maganizo amenewo, chifukwa olemba ntchito ambiri amati "timawalipirira penshoni anyamata athu", ngati kuti akunena za mphatso ya pa Khirisimasi. Maganizo anga anasintha nditamvetsa mmene zokambirana za pangano zimayendera. Mbali ziwirizi, bungwe la amisiri ndi olemba ntchito, zikakhala pansi, chimene zimalimbirana kwenikweni ndi mtengo wonse wa ola limodzi la mmisiri, kuphatikizapo malipiro a m'manja, penshoni, inshulansi ya chipatala ndi ndalama zophunzitsira amisiri atsopano. Zikagwirizana kuti chaka chino mtengowo ukwere ndi ndalama zakutizakuti, m'nthambi zambiri za bungweli mamembala amasonkhana n'kuvota kuti pa ndalama zowonjezerazo ndi zingati zipite m'matumba mwawo lero, zingati zipite ku chipatala, ndipo zingati zipite ku penshoni. Munthu amene wakweza dzanja pa msonkhano wotero kuti dola imodzi pa ola ipite ku penshoni wadzimana yekha dolayo. Choncho ndalama imene ndimatumiza mwezi ndi mwezi ndi malipiro a thukuta limene lakhetsedwa kale, amene mwini wake wavomera kuti adzawalandire mochedwa, ndipo bwana amene sanaitumize wadya malipiro a wantchito ngakhale atakhala kuti walipira kapepala ka Lachisanu lililonse mosaphonya.

Kuti munthu aone chifukwa chimene amisiri a magetsi anafunikira dongosolo lotere, ayenera kuona mmene ntchito yawo imayendera. Mmisiri wa pa zomangamanga sakalambira pa kampani imodzi. Chipatala chikamangidwa n'kutha, mawaya onse atalowa m'mapaipi ndipo magetsi atayaka, kontirakitala amachepetsa anthu, ndipo mmisiri amabwerera ku ofesi ya bungwe lake kukalembetsa dzina m'buku la odikira ntchito, mpaka kampani ina itaitanitsa anthu. Pa moyo wake wonse wa ntchito akhoza kugwirira makampani 20 kapena kuposerapo, ena mwa iwo n'kukhala atatsekedwa kalekale iye asanapume. Penshoni ya kampani imodzi, imene imafuna kuti munthu akhale pamalo amodzi zaka zambiri, sikanamuthandiza chilichonse munthu wotere. Thumba limene makampani mazanamazana amaponyamo limodzi limathetsa vutoli, chifukwa maola amene wagwira kwa kontirakitala woyamba amaphatikizidwa ndi amene wagwira kwa wachiwiri ndi wachikhumi, ndipo kugwa kwa kampani imodzi sikufafaniza zaka zake.

Thupi nalonso lili ndi mawu pa nkhaniyi. Kupinda mapaipi achitsulo, kukoka mawaya olemera, kugwira ntchito manja ali m'mwamba tsiku lonse ndiponso kugwada pa simenti kumadya mapewa, msana ndi mawondo pang'onopang'ono, ndipo amisiri ambiri amene ndimawaona akafika zaka za m'ma 60 amakhala atatopa kwenikweni. Ngozi za ntchitoyi n'zakale ngati bungwe lenilenilo. IBEW inakhazikitsidwa mu 1891 mumzinda wa St. Louis, ndipo mtsogoleri wake woyamba, Henry Miller, amene anali mmisiri wokwera mapolo, anamwalira mu 1896 ku Washington atagwidwa ndi magetsi n'kugwa kuchokera pa polo.

Thumba la National Electrical Benefit Fund linabadwa pa pangano limene IBEW ndi NECA anasainirana mu 1946, ndipo poyamba olemba ntchito ankapereka 1 peresenti yokha, imene pambuyo pake inakwera kufika pa 3 ya masiku ano. Chaka chotsatira, mu 1947, nyumba ya malamulo ya America inakhazikitsa lamulo lodziwika ndi dzina loti Taft-Hartley. Lamuloli linali ndi zambiri zimene mabungwe a ogwira ntchito anadana nazo, koma ndime yake yonena za matumba otere ndi imene inaika maziko amene tikuyendapo mpaka lero. Inalamula kuti ndalama zisungidwe m'thumba lapadera lothandiza antchito ndi mabanja awo okha, kuti pakhale pangano lolembedwa lofotokoza kaperekedwe kake, kuti oyang'anira thumbalo akhale ochokera ku mbali zonse ziwiri mofanana, ndiponso kuti mabuku ake aziunikidwa chaka ndi chaka. Zimenezi zikutanthauza kuti ndalama ikangochoka ku akaunti ya kampani yathu siikhalanso ya bwana wanga, siikhalanso ya bungwe la amisiri, ndipo palibe mmodzi wa awiriwa amene angaitenge kukathetsera mavuto ake. Mu 1948, pa mlandu wokhudza kampani ya Inland Steel, zinagamulidwanso kuti penshoni ndi imodzi mwa nkhani zimene wolemba ntchito sangakane kukambirana ndi bungwe la antchito ake.

Komabe malonjezo a penshoni anapitiriza kuphwanyika m'malo ena. Kampani yopanga magalimoto ya Studebaker itatseka fakitale yake ku South Bend, m'boma la Indiana, mu 1963, antchito pafupifupi 4,000 amene anali atagwira zaka zambiri analandira pafupifupi 15 peresenti yokha ya zimene analonjezedwa, ndipo ena ambiri anapita kwawo chimanjamanja. Nkhani imeneyo inathandiza kuti papangidwe lamulo loteteza penshoni za antchito lotchedwa ERISA, limene Pulezidenti Gerald Ford anasaina pa 2 September 1974. Mu 1980 lamuloli linawonjezeredwa mano okhudza matumba a makampani ambiri ngati athuwa, kotero kuti wolemba ntchito amene wagonja m'khoti pa mlandu wosapereka ndalama za penshoni amalipira ngongoleyo, chiwongola dzanja chake, chindapusa chimene chingafike pa 20 peresenti ya ngongoleyo, komanso ndalama za maloya a thumbalo. Pangano lathu nalo lili ndi chikwapu chake, chifukwa limati ndalama za mwezi zimasanduka ngongole pa tsiku lomaliza la mweziwo, ndipo bungwe likhoza kuthetsa panganolo litapereka chenjezo lolembedwa la maola 72 ngati kampani yalephera kusonyeza umboni woti yalipira. Kwa kontirakitala amene amadalira ofesi ya bungwe kuti apeze amisiri, kuthetsedwa kwa pangano kumatanthauza kudzuka m'mawa wopanda anthu pa ntchito.

Malamulo onsewa ndi amphamvu, koma amagwira ntchito pa maola amene alembedwa. Zimenezi ndinaziphunzira kudzera m'cholakwa changa.

Tsiku lina masana kunabwera ku ofesi kwathu bambo wina wachikulire amene anatigwirira ntchito miyezi ingapo chaka cham'mbuyo. Anali atanyamula envelopu yaikulu yothimbirira, yomangidwa ndi kachidutswa ka waya wofiira, ndipo m'katimo munali timapepala ta malipiro tosanjidwa mwezi ndi mwezi, tina titafufuma chifukwa cha chinyezi cha m'galimoto. Anakhala pansi mosamala, dzanja limodzi litagwira bondo, n'kuyala pa tebulo chikalata chimene thumba la penshoni linawatumizira, chosonyeza maola awo a chaka chonse. Kenako analoza ndi chala chokhala ndi chipsera chakale n'kunena modekha kuti, "Mayi, pepani kukusokonezani, koma miyezi iwiri iyi ndinagwira ntchito pano, ndipo pa chikalatachi sikuoneka." Ndinatsegula kompyuta ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti cholakwacho chinali cha kwina, koma nditayerekeza fomu ndi timapepala tawo ndinapeza kuti ndinasemphanitsa manambala awiri pa nambala yawo. Ndalama zinapita ndithu, kampani sinabe kanthu, koma maola awo anakakhala pa nambala imene sinali yawo. Ndinawauza kuti, "Bambo, cholakwachi ndi changa, ndipo ndichikonza lero lomwe." Anangogwedeza mutu, n'kumanganso envelopu yawo ndi waya uja, ndipo anandiuza kuti amasunga timapepalato kuyambira ali wophunzira ntchito, chifukwa mmisiri amene anawaphunzitsa anawalangiza kuti asadzatayepo ngakhale kamodzi.

Usiku umenewo sindinagone bwino. Ndinkaganiza za amisiri ena amene sasunga kapepala kalikonse, amene chikalata cha thumba chikafika amachiponya m'kabati osachitsegula, ndipo cholakwa chonga changachi chikhoza kuwabisalira zaka 25 mpaka tsiku lofunsira penshoni, pamene kampani imene ikanapereka umboni inatha kalekale ndipo wosunga mabuku wake sakudziwika kumene ali. Madzi akatayika saoleka, ndipo maola amene alibe umboni amavuta kwambiri kuwabwezeretsa.

Changa chinali cholakwa cha chala, koma pali zina zimene zimachitika mwadala, ndipo ndiyenera kuzitchula chifukwa ndaona mmene chiyeso chake chimabwerera. Kampani yaing'ono ya zamagetsi nthawi zambiri imagwira ntchito pansi pa kontirakitala wamkulu, amene akhoza kuchedwetsa malipiro miyezi iwiri kapena itatu, pamene amisiri, ogulitsa mawaya ndi a msonkho akufuna zawo pa nthawi yake. Zinthu zikathina chonchi, mwini kampani amayang'ana ngongole zake n'kudzifunsa kuti ndi iti imene ingadikire popanda phokoso. Malipiro a Lachisanu akachedwa, Lolemba palibe amene anyamule chida. Ndalama za penshoni zikachedwa, pa malo a ntchito pamakhala bata, chifukwa palibe mmisiri amene amamva kupweteka kwake tsiku lomwelo. Ndiye chifukwa chake ndimaona kuti matumba amachita bwino kukhala ouma mtima pa tsiku la 15, kutumiza akatswiri ounika mabuku a makampani, ndiponso kufuna chikole kwa makontirakitala monga mmene mapangano ambiri amanenera, ngakhale kuti zonsezi zimandichulukitsira ntchito ineyo. Njira zina zozembera n'zobisika kuposa kuchedwa. Bwana akhoza kulipira ovataimu pamanja osailemba, kapena kumulemba mmisiri ngati munthu wodziimira payekha pamene amamulamula nthawi yofika ndi yoweruka, ndipo mmisiri wachinyamata amene wapatsidwa ndalama m'manja amaona ngati wapindula, osazindikira kuti ola limene silinalembedwe silidzawerengedwa pa ukalamba wake.

Sindikufuna kuwanamizira olemba ntchito, pakuti ndimaona mabuku awo ndipo ndimadziwa kulemera kwa katundu amene asenza. Kontirakitala amene ali pa pangano akamapikisana pa ntchito ndi kampani imene antchito ake sali m'bungwe, mtengo wake wa ola umakhala wokwera, ndipo mbali ina ya kusiyanako ndi penshoni yomweyi. Pa ntchito zomanga za boma la dziko lonse, lamulo la Davis-Bacon la mu 1931 limachepetsako kusiyanaku, chifukwa limafuna kuti aliyense alipire malipiro ofanana ndi amene afala m'deralo, ndipo kuyambira mu 1964 kuwerengerako kumaphatikizapo zinthu ngati penshoni ndi chipatala. Pa ntchito za anthu wamba chitetezo chotero palibe. Chimene bwana wa pa pangano amapeza posinthana ndi mtengo wokwerawo ndi amisiri amene anaphunzira ntchito zaka pafupifupi zisanu, m'kalasi ndi pa malo a ntchito, amene angawaitanitse ambiri ntchito ikakula n'kuwabweza ikatha. Ine ndimaona kuti kusinthanaku n'kwachilungamo, koma n'kwachilungamo pokhapokha mbali ya penshoni ikulipidwa yonse.

Pali misampha iwiri imene imagwira amisiri ngakhale bwana atalipira zonse molondola. Woyamba umakhudza amene amapita kukagwira ntchito m'dera la nthambi ina ya bungwe ntchito ikasowa kwawo. Maola a ku thumba la dziko lonse amamutsata munthu kulikonse, koma ndalama za thumba la m'dera zimalowa m'thumba la kumene akugwirako ntchito, ndipo kuti zibwerere ku thumba la kwawo ayenera kukhala atalembetsa m'dongosolo losamutsira ndalamazi lotchedwa ERTS. Amene wanyalanyaza kulembetsa akhoza kusiya tindalama tapang'onopang'ono m'matumba angapo, ndipo m'thumba lililonse n'kukhala wosakwanitsa zaka zofunika kuti adzalandirepo kanthu. Msampha wachiwiri ndi wa zaka zomwezo. M'matumba ambiri otere munthu amakhala ndi ufulu wosalandidwa pa penshoni yake akakwanitsa zaka zisanu zowerengedwa, ndipo amene wachoka m'ntchitoyi atagwira zinayi n'kukhala kunja nthawi yaitali akhoza kutaya zonse zimene zinaperekedwa m'dzina lake. Ndimamva chisoni ndikaona wachinyamata akusiya ntchito atatsala miyezi yochepa kuti awoloke mzerewu, popanda wina womukhazika pansi n'kumuwerengera.

Ndinganame nditanena kuti thumba la makampani ambiri silingadwale. Limadalira kuti pakhale antchito okwanira amene ndalama zikuperekedwa m'dzina lawo, ndiponso kuti malonda amene ndalamazo zaikidwamo aziyenda bwino. Lamulo la mu 2006 la Pension Protection Act linayamba kugawa matumbawa m'magulu malinga ndi thanzi lawo, amene anthu amawatchula ndi mitundu yobiriwira, yachikasu ndi yofiira, ndipo chaka chilichonse mamembala amalandira chikalata chofotokoza mmene thumba lawo lilili. Thumba likagweratu, bungwe la boma la Pension Benefit Guaranty Corporation limalowererapo, koma chitetezo chake pa matumba a makampani ambiri n'chochepa, chifukwa sichipitirira madola 35.75 pa mwezi pa chaka chilichonse chimene munthu wagwira, kutanthauza madola 12,870 pa chaka kwa amene wagwira zaka 30. Thumba lalikulu la Central States, la madalaivala a malole ndi antchito ena a bungwe la Teamsters, linatsala pang'ono kuuma, ndipo linapulumuka ndi thandizo la boma la madola pafupifupi 36 biliyoni pansi pa lamulo la mu 2021 la American Rescue Plan. Limenelo silinali thumba la amisiri a magetsi, koma aliyense amene ali m'thumba lotere anayenera kuphunzirapo kuti chikalata cha chaka chija n'choyenera kuwerengedwa. Lamulo la mu 1980 lija linaikanso ngongole pa kampani imene yatuluka m'thumba limene ndalama zake sizikukwanira kulipira zonse zimene linalonjeza, kuti isasiyire anzake mtolo. Pa zomangamanga ngongoleyi imagwira makamaka kontirakitala amene wasiya kupereka koma akupitiriza ntchito ya mtundu womwewo m'dera lomwelo, kapena wayambiranso pasanathe zaka zisanu, pamene amene watsekadi kampani n'kupuma nthawi zambiri samangidwa nayo.

Chichitikireni nkhani ya bambo aja ndinasintha kagwiridwe kanga. Fomu ndimaidzaza pa 8 kapena pa 9, n'kuisiya usiku umodzi, ndipo m'mawa mwake ndimawerenga nambala ya munthu aliyense mokweza, ndikuyerekeza ndi chikalata chimene anadzaza tsiku limene anayamba ntchito. Wophunzira ntchito aliyense watsopano akabwera kudzasaina mapepala, ndimamupatsa envelopu yaikulu yopanda kanthu n'kumuuza zoti aziikamo, ndiponso kuti chikalata cha thumba chikafika aziyerekeza maola ake mwezi ndi mwezi. Ena amandiyang'ana modabwa, chifukwa munthu wa zaka 19 ukalamba amauona uli kutali kwambiri, koma ambiri amailandira.

Kalata yokonza cholakwa chija ndinaitumiza tsiku lomwelo, pamodzi ndi makope a timapepala ta malipiro ta miyezi iwiri ija. Patapita milungu ingapo bambo aja anaimba foni ku ofesi kundiuza kuti chikalata chatsopano chafika ndipo maola onse akuoneka. Anati akuganiza zogwira ntchito chaka chimodzi china ngati bondo liwalola, kenako akadzaze mafomu opumira.